Sitolo ya agogo ako sigulitsidwa

Mwanangu,

Assalamu alaikum. Kuno tili bwino, mayi ako mwendo uja ukuwavutabe koma kumunda akupita. Zithunzi za chipale zija taziona. Wawonda, kodi ukudya?

Amalume ako andiuza zonse. Akuti unawaimbira usiku kuti andinyengerere tigulitse sitolo ya agogo ako, ndalama zake ulowe nazo m'bizinesi ya mafoni ndi mnzako uja wa ku Sarajevo, ku Bosnia kumene uliko. Tulo sindinatione. Bwanji osandiuza wekha? Yankho langa umalidziwa, n'chifukwa chake unadzera kuseri.

Chikundiwawa n'chakuti za mzinda umenewo unandiphunzitsa ndiwe. Mwezi wako woyamba unandiyendetsa pa foni mumsika wa Baščaršija mpaka batire kutha. Unandionetsa mzikiti wa Gazi Husrev-beg wa 1531, ndi madrasa yake ya 1537 imene ana akuphunziramo mpaka lero, ndi nyumba ya mabuku. Unati bwanamkubwa ameneyo anamanganso khitchini yodyetsa osauka ndi apaulendo mwaulere, nyumba yosambiramo, ndi pogona amalonda. Ine n'kufunsa kuti nanga mwini wake atamwalira mu 1541, zonsezi ankalipira ndani? Iwe n'kuseka, amvekere, "Masitolo, bambo." Anamanga masitolo ndi msika wofolera uja mumautcha bezistan n'kuzipereka wakfu, kuti lendi yake izilipira imamu, aphunzitsi, ophika ndi okonza madenga. Cha wakfu sichigulitsidwa, sichigawidwa ngati chuma cha masiye. Anthu amathyola zipatso, mtengo amausiya.

Unandiuzanso kuti Gazi Husrev-beg asanabwere, Isa-beg Ishaković analembetsa wakfu wake mu 1462, mzikiti, mlatho pa mtsinje wa Miljacka, masitolo ndi nyumba ya alendo, ndipo anthu anayamba kusamukira pamenepo chifukwa panali pogona, pogulitsira ndi poswalira, mpaka malo a timidzi kusanduka mzinda. Ngakhale matauni ena kumeneko, Gornji Vakuf ndi Donji Vakuf, dzinalo ndi wakfu yemweyo. Ndinakafotokozera ashehe, anagwedeza mutu kuti mwana akuphunzira. Lero mwana yemweyo akufuna nkhwangwa.

Agogo ako sanali bwanamkubwa, anali telala wa pakhonde. Sanalembe chikalata chilichonse. Koma lendi ya kasitolo kameneko ndi imene imathandiza mwalimu wa madrasa pamudzi pano, ndi imene inakulipirira fizi kuyambira Fomu 1. Chaka cha njala cha 2002 munthu wina anabwera ndi ndalama m'jumbo kuti agule sitoloyo. Tinkadya madeya, iwe ukulira usiku wonse. Agogo ako anamumvetsera mpaka kumaliza, kenako anaponda makina awo n'kupitiriza kusoka buluku la mwana wa sukulu. Ine ndinawakwiyira sabata yathunthu, sindikubisa. Pakanapanda makani awo aja, sukulu ukanaithera panjira.

Mnzakoyo ndani? Makolo ake ukuwadziwa? Iye akuikapo zingati? Ufunse zimenezo kaye. Munthu amene akukuuza kuti gulitsa za kwanu, za kwawo wagulitsa chiyani? Mwina ndi mwana wabwino, sindikumuweruza, koma mafoni akamira pa kasitomu iye adzabwerera kwa amake, iwe udzabwerera pati?

Ndimakudziwa, suli wakuba kapena waulesi. Uli ndi phuma basi, ngati ine ndili msinkhu wako. Ngati ndalama zakuthera, nena, tigulitsa mbuzi ziwiri. Ngati pali ngongole imene ukuibisa, nenanso, sindikalipa kwambiri. Koma sitolo ayi. Ndabwereza, sitolo ayi, ndipo amalume ako usawavutitsenso.

Lachisanu ukatuluka mu mzikiti uja undiimbire, tikambirane awiri. Mayi ako sindinawauze, ndi BP yawo ija. Akuti uzivala chipewa.

Ndine bambo ako.