Za makapisozi aja a ku Kalingalinga

Mtendere, Lusaka

Okondedwa achimwene a Tembo,

Kalata yanu yonena kuti ankhoswe akumana kale ku Katete ndailandira Lachiwiri, ndipo ndakondwera kuti umbeta wanu, umene tinkauyesa wa muyaya, ukupita kumapeto. Koma m'malo mwa nthungululu, ndikuyankhani ndi nkhani imene ndakhala ndikuizemba pa foni. Ndayezetsa umuna kawiri, ndipo maulendo onse awiri dokotala wapeza kuti mulibe mbewu ndi imodzi yomwe. Zaka 6 zonsezi mkazi wanga NaPhiri wakhala akumwa mitsitsi yowawa ndi kutchedwa chumba pa maliro ndi pa maukwati pomwe, chonsecho vuto lili mwa ine.

Mukukumbukira chipinda chathu chija ku Kalingalinga mu 2014, pamene ndinkagwira khoma pokodza, mafinya akudetsa kabudula? Ndinu amene munathamangira ku kantemba kukandigulira makapisozi anayi, ndipo ululu utachepa tinati chinzonono chatha, mpaka munadzitcha dokotala wa pa komboni. Patapita milungu iwiri machende anatupa, mbali imodzi kenako inayo, ine nkumanamizira kuti ndinamenyedwa ndi mpira. Dokotala wondiyeza umuna uja atamva zimenezi anangogwedeza mutu. Anandijambulira papepala kuti kuseri kwa tchende lililonse kuli kanjira kopyapyala kopindikapindika, kamene mutakatambasula kangatalike pafupifupi mamita 6, ndipo mbewu imakhwimira mmenemo isanatuluke. Tizilombo ta chinzonono kapena ta chlamydia tikasiyidwa osaphedwa tonse timakwera kuchokera m'njira ya mkodzo kukafika kumeneko, kanjirako nkutupa, ndipo pochira kamasiya chipsera chimene chimatseka njira. Zikachitika mbali zonse ziwiri, machende amapangabe mbewu koma ilibe potulukira.

Chimene chinandipusitsa nthawi yonseyi ndi chakuti mphamvu za m'nyumba ndinali nazo, ndipo umuna unkatuluka monga mwa masiku onse. Ndamva tsopano kuti madzi ambiri amene timawaona amachokera ku kachiwalo kotchedwa prostate ndi timatumba tina ta pafupi ndi chikhodzodzo, pamene mbewu yeniyeni ndi kagawo kochepa zedi kosaoneka ndi maso. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati mwa mwamuna wobereka mumayembekezeka mbewu zosachepera 16 miliyoni mu mililita imodzi, ndipo ine, amene ndinkadziguguda pachifuwa pa bawo, ndilibe ngakhale ya mankhwala.

Za kabotolo ndiye musaseke. Anandiuza kudziletsa masiku atatu, kukafikitsa pasanathe ola limodzi, ndiponso kukasunga pafupi ndi thupi kuti kasazizire. Ndinakapana m'khwapa nkukwera minibasi, imene inangoima pa Alick Nkhata Road kudikira kudzaza, kondakitala akundiuza kuti nditambasule dzanja ndilandire chenji. Pa mpando wakumbuyo panali a Zulu a ku kwaya, amene anafunsa katatu chimene chavuta mkono wanga, kenako anafuna kuugwira kuti aupempherere. Ndinawanamiza kuti ndi chithupsa, ndipo mpaka lero akundilondola ndi mankhwala a zithupsa, Lamulungu lapitali anafika pondilengeza pa mapemphero a odwala. Ndikuopa kuti mpingo wonse udzandiyendera ndi nthochi chifukwa cha khwapa lopanda vuto.

Achimwene, simunandiuzepo mmene zanu zija za mu 2016 zinathera, ndipo ndikudziwa kuti munatsata njira ya kantemba yomweyo. Chlamydia nthawi zambiri sichionetsa chizindikiro chilichonse, moti munthu akhoza kukhala nacho miyezi yambiri ndi kupatsira mkazi wake, amenenso njira zake za mazira zimatha kutsekeka. Chinzonono cha masiku ano sichimvanso mankhwala ambiri akale. Chimafuna jakisoni wa ceftriaxone, ndipo chlamydia chimafuna doxycycline wa masiku 7 osadumphitsa, onse awiri mwamuna ndi mkazi kulandira nthawi imodzi. Mankhwalawa amapha tizilombo koma safafaniza chipsera chimene chinapangika kale. Chonde pitani mukayezetse musanapereke tsiku la ukwati, ndipo muwapemphe aonenso umuna, kuti mlamu wathu asadzamwe zimene NaPhiri wamwa. Zikwangwani za asing'anga zili pa mitengo ya magetsi kuno, ndipo ndikhulupirira kuti ku Johannesburg kumene muliko ziliko zambiri, koma muzingozidutsa.

Dokotala akuti nthawi zina opaleshoni imalumikiza njira yotsekekayo, kapena amatenga mbewu m'tchende momwemo nkukaikumanitsa ndi dzira, koma mtengo wake sindinayerekeze kuufunsa. NaPhiri ndinamuuza usiku womwewo. Sanalire, sanandinyoze, anangotulutsa mabotolo onse a mitsitsi nkukawakhuthulira m'ngalande, ndipo kukhala chete kwakeko kukundipweteka kuposa mawu. Amayi sindinawauze, ndipo mwezi watha anatumanso Chisomo kudzanena za mtsikana wina wa ku Chadiza amene akuti kwawo amabereka mapasa. Malume nawo anandinong'oneza za fisi, ngati kuti tikadali m'masiku a agogo.

Magetsi azima kuyambira masana, kandulo yafika pa mbale, ndipo pepala ndi lomweli. Ndimafuna mundithandize nzeru ya mmene ndingayambire nkhaniyi kwa amayi, pakuti inu amakumverani, koma ndikaganiza nkhope yawo pamene ndidzati gojo ndine, ndiye

Ine mnzanu,
Banda