Mgwalangwa nawonso ulowe m'manazale

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo za mtengo umene ife a mu Lilongwe timapindula nawo tsiku ndi tsiku, chonsecho ana athu ambiri sanauonepo. Ndikunena mgwalangwa.

Sabata yatha ndinagula mkeka kwa bambo wina amene amabwera nayo panjinga kuchokera cha ku Salima. Nditayamba kunenerera, bamboyo sanakangane nane. Anangotambasula manja. Zala zonse zinali zipsera za minga ya m'mphepete mwa phesi la tsamba. Anandiuza kuti mlaza umene kale ankadula kuseri kwa mudzi, lero amaulondola ulendo wa tsiku lathunthu. Ndinachita manyazi, ndinalipira ndalama imene ananena.

Ine ndinakulira kunyanja, ntchitoyi ndimaidziwa. Mlaza ndi tsamba lanthete la mgwalangwa, lija lisanatambasuke. Amayi ankaliyanika padzuwa mpaka liyere, n'kuling'amba timizere, n'kulinyowetsa pang'ono kuti lisathyoke poluka. Akaluka chingwe chachitali chophwatalala, ankachisoka mzere ndi mzere kufikira mkeka utakwana. Masabata ankatha. Pa tsamba lomwelo pankachoka zipewa, zikwama, zingwe zomangira denga ndi tsache losesera m'nyumba. Zipatso zake zofiirira, zolimba ngati mwala, ife ana tinkakukuta khungu lake lotsekemera pobwera kusukulu. Ku Liwonde njovu zimazikonda, ndipo ndi zomwe zimamwaza nthangala zake m'tchire.

Vuto ndi lakuti tonse tikungokolola. Woluka akudula nsonga iliyonse imene yatuluka, osausiyira mtengo mpata wopuma. Opanga uchema ku Chikwawa ndi ku Nsanje amasenga pamutu pa thunthu kuti madzi ake adonthe, ndipo akapitirira muyeso thunthulo limauma. Otsegula minda amatentha zitsa. Pamene mgwalangwa ndi mtengo wochedwa: nthangala yake imakhalitsa m'nthaka isanamere, ndipo kuti ufike pobereka pamapita zaka zambiri.

Chaka chilichonse kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo dziko lino limadzala mitengo. M'manazale amene ndalowamo ine ndimapezamo bulugama, paini, kesha ndi mtangatanga. Mbande ya mgwalangwa sindinaionepo. Kodi mtengo umene ukulipirira ana fizi ku Salima, Mangochi ndi Nkhotakota si mtengo?

Pempho langa kwa a zankhalango ndi mafumu a m'madera amenewa ndi lakuti nthangala zizikwiriridwa pamalo pomwe mtengowo udzakhale, poti muzu wake umalowa pansi kwambiri ndipo sufuna kuwokeredwa. Midzi igwirizanenso zopumitsa madambo ena kwa chaka chimodzi kapena ziwiri.

Ife a m'tauni tili ndi mbali yathu. Majumbo adzaza mumtsinje wa Lilongwe, pamene chikwama chimodzi cha mlaza chimapita kumsika chaka chonse osang'ambika. Tigule chimenecho, ndipo woluka akatchula ndalama yake tisamukhomerere.

Wokhudzidwa,
Area 25, Lilongwe