Miphakati yathu ikonzekere masautso mtendere ukadalipo

Akonzi,

Pa 30 Okutobala 1985, Bambo João de Deus Kamtedza, mwana wa kuno ku Angónia, ndi Bambo Sílvio Moreira wa ku Portugal, anatengedwa usiku ku Chapotera, pafupi ndi Lifidzi, n'kuphedwa. Onse anali ansembe a chipani cha Ajezuiti. Timawakumbukira ndi ulemu waukulu, ndipo n'koyenera kutero. Koma chotiwawa n'chakuti achinyamata obadwa nkhondo yapachiweniweni ya kuno ku Mozambique itatha mu 1992 amamva za imfa ya ansembewa, osamva m'mene akhristu wamba anasungira mapemphero zaka zonse zija m'midzi mopanda wansembe. Nzeru imeneyo ikupita kumanda pamodzi ndi nkhalamba zathu, pamene ku chigawo cha Cabo Delgado anzathu akuthawa m'midzi chifukwa cha zigawenga chiyambire 2017.

Chigawo cha Tete chinaziona izi kangapo. Mishoni ya Mphatso ya mpingo wa Reformada inatsekedwa ndi Apwitikizi mu 1922, koma akulu a mpingo anasunga nkhosa kwa zaka zambiri, ena akumawoloka malire kukabatizitsa ana ku Malawi. Mu 1975 boma linatenga sukulu ndi zipatala za mishoni, amishonale ambiri n'kuchoka. Msonkhano wa Mpingo wa Katolika womwe unachitikira ku Beira mu 1977 unagwirizana zoti moyo wa mpingo ukhale m'miphakati, ntchito zigawidwe kwa akhristu eni ake. Nkhondo itafika kuno, chimene chinatsala chili chiimire ndi chimenecho.

Mphakati wopirira umakhala waung'ono, mabanja 15 kapena 20, oti akhoza kukwana pakhonde limodzi kapena pansi pa mtengo wa mango, onse akudziwana. Ukakula kufika mabanja 60 umayamba kudalira nyumba yopemphereramo ndi belu, ndipo tsiku limene nyumbayo yatsekedwa anthu sadziwa kopita. Vuto lina lomwe timaliona kawirikawiri ndi la mtsogoleri mmodzi wosenza zonse: ndiye wowerenga Mawu, ndiye woika maliro, ndiye wosunga makiyi ndi ndalama. Akangogwidwa kapena kuthawa, mphakati wafa tsiku lomwelo. Mutu umodzi susenza denga. Ntchito iliyonse ikhale ndi anthu atatu oidziwa, ochokera m'mabanja osiyana, ndipo mwa atatuwo musasowe mayi, chifukwa pa nthawi ya chipwirikiti abambo ndi anyamata ndiwo amayamba kusakidwa. Wachiwiri ndi wachitatuyo azitsogoleradi mapemphero kamodzi pamwezi. Kungolembedwa dzina sikuphunzitsa munthu.

Akhristu adziwenso bwino zimene munthu wamba amaloledwa kuchita. Munthu amene ali pangozi ya imfa akhoza kubatizidwa ndi wina aliyense, malinga wobatizayo akufuna kuchita zimene Mpingo umachita. Pakufunika madzi enieni, angakhale a m'kapu. Amathira pamutu katatu, uku akutchula dzina la munthuyo ndi mawu akuti: ine ndikukubatiza m'dzina la Atate ndi la Mwana ndi la Mzimu Woyera. Wothira madzi ndiye anenenso mawuwo. Cholakwika chimene chimachitikachitika n'chakuti agogo amathira madzi, wina ali apo akunena mawu, kapena amasintha mawu n'kungoti m'dzina la Mulungu. Azamba ndi amayi othandiza pobereka ndiwo ayenera kuyamba kuphunzitsidwa zimenezi. Wamkulu asabatizidwe iye asanafune yekha.

Za ukwati, malamulo a Mpingo amalola kuti ngati palibe njira yopezera wansembe kapena wina wopatsidwa mphamvu, ndipo zikuoneka kuti zikhala choncho kwa mwezi wathunthu, awiriwo alonjezane pamaso pa mboni ziwiri, bola pasakhale chowaletsa. Ambiri sadziwa zimenezi, ndiye amangolowana n'kumadziona ngati atuluka mumpingo. Koma Misa ndi kukhululukira machimo n'za wansembe yekha. Mtsogoleri wa mphakati akayamba kutengera zochita za wansembe paguwa, ngakhale ndi mtima wabwino, anthu amagawanika, ndipo kugawanika kotero sikutha msanga.

Chilichonse cha izi chilembedwe: dzina, makolo, mudzi, tsiku, wobatiza, mboni. Makope akhale awiri, osungidwa m'nyumba ziwiri zotalikirana, okulungidwa m'pulasitiki ndi kuikidwa m'chitini chotseka bwino chifukwa cha chiswe ndi chinyezi. Lembani ndi bolopeni, inki yamadzi imafufutika ikanyowa. Tikuchenjezanso za mafoni. Kujambula kope n'kwabwino pa mtendere, koma foni yodzaza maina ndi zithunzi za atsogoleri ikagwa m'manja olakwika pa chotchinga cha pamsewu, yapereka mudzi wonse.

Mabuku amapsa, amalandidwa, amasiyidwa pothawa. N'chifukwa chake kuloweza pamtima sikuyenera kunyozedwa ngati kachitidwe kachikale. Mwana wa zaka 10 adziwe Atate Athu, Ndikhulupirira, malamulo khumi, pemphero la kulapa ndi masalimo awiri kapena atatu, m'Chinyanja chimene amalankhula kunyumba. Chipwitikizi chimathawa m'mutu mantha akagwira. Kolona amawerengeka ndi zala.

Tinene zoona, ambiri amene amagwa sagwa ndi mfuti, amagwa ndi njala. Mayi amene ana ake agona masiku atatu osadya adzapita kulikonse kumene akugawa ufa, ndipo amene sanamuthandize alibe pakamwa pomudzudzulira. Mphakati ukhale ndi nkhokwe yake. Banja lililonse likapereka ndowa imodzi ya malita 20 pokolola, mabanja 20 apeza pafupifupi matumba 7 a makilogalamu 50. Chimangacho chiume bwinobwino. Poyesa, ikani pang'ono m'botolo louma pamodzi ndi mchere n'kukhutchumula; mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chibwezereni padzuwa. Sungani m'matumba osalowa mpweya, pathandala la mitengo, osati pansi, apo ayi anankafumbwe adzadya gawo la amasiye Januwale asanafike. Kuno kwathu nyemba zisungidwenso, chifukwa mbatata ya kachewere siichedwa kuphukira. Otsegula nkhokwe akhale awiri, ndipo zotuluka zilengezedwe Lamulungu pamaso pa onse. Miphakati yambiri yapasuka chifukwa cha thumba limodzi losadziwika kumene linapita.

Chinanso ndi lilime. Pa nkhondo ija anthu anafa chifukwa mnansi anawanenera kuti amadyetsa mbali iyi kapena iyo, nthawi zina pa mkangano wa malire a munda basi. Milandu ya minda, ngongole ndi kutchulana ufiti ithetsedwe lero, kukadali bata. Mphakati usakhale wa chipani chilichonse cha ndale, ndipo mtsogoleri amene akufuna udindo m'chipani atule kaye wa mumpingo.

Kuthawa si kukana Khristu. Zikwi za anthu a kuno zinakakhala ku Dedza, Ntcheu ndi Mwanza, ndipo mu 2016 ena anathawiranso ku Kapise, m'boma la Mwanza. Mboni za Yehova za ku Malawi nazo zinabisala ku Mlangeni kuno kwathu m'ma 1970. Wolalika amene amauza amayi ndi ana kuti akhale pamalo angozi pofuna kuonetsa chikhulupiriro akuwasenzetsa katundu amene Mulungu sanawapatse. Choyenera n'kupangana kukadali nthawi: tikabalalika tikakumana kuti, ndani anyamule agogo osayenda, ndani atenge kope.

Chovuta kuposa zonse chimabwera bata likabwerera. Kumabwera amene anakana chikhulupiriro chifukwa cha mantha, anyamata amene anagwidwa n'kukakamizidwa kunyamula mfuti, atsikana obwera ndi ana osadziwika bambo. Amene anapirira amayesedwa kudziona ngati eni mpingo. Petro anakana Ambuye katatu, komabe anapatsidwa nkhosa kuti aziwete. Wobwererayo ayenderedwe kunyumba ndi anthu awiri okhwima maganizo, asaimikidwe kutsogolo kuti aulule pagulu. Amene analakwira munthu wodziwika akapepese ndi kubweza chimene angathe, akulu ali pomwepo, kenako akaonane ndi wansembe akapezeka. Mwana wobadwira m'mavuto amenewo alembedwe m'kope ndi kubatizidwa monga mwana wina aliyense.

Tikupempha abambo mfumu ndi abusa a m'maparishi ndi mipingo ya ku Ulongwe, Domwe, Tsangano, Furancungo ndi Zóbuè kuti chaka chino, anthu akamaliza kukolola mu Juni, apatule masiku atatu ophunzitsa zimenezi, ndipo aitane nkhalamba zimene zinatsogolera mapemphero pakati pa 1977 ndi 1992 kuti zidzaphunzitse ndizo.

Ife owerenga anu,
Aphunzitsi ena a katekisimu,
Angónia, Tete