Ndakaona Zambezi ndili ndi zaka 63

Akonzi,

Ndipatseniko danga m'nyuzipepala yanu ndifotokoze za ulendo wa masiku anayi umene ine ndi mayi a kunyumba tidayenda mwezi wa July, wokaona malo ku Tete ndi ku Songo m'dziko la Mozambique.

Ndine mphunzitsi wopuma, ndimakhala kufupi ndi boma la Dedza. Kwa zaka zambiri ndinkajambula mtsinje wa Zambezi pa bolodi, ana n'kumakopera m'makope, pamene ine mwini ndinali ndisanauonepo ndi maso. Chipata cha Calomue chili pakhomo pathu pompano, ndipo anthu amadutsapo tsiku ndi tsiku kukagula nyemba, chimanga ndi mbatata. Koma nditauza anzanga kuti ndikupita kukangoona basi, adandifunsa kuti, "Kuli maliro kodi? Nanga mukukaodako chiyani?" Zidandimvetsa chisoni kuti kwathu kuno ulendo wopanda katundu pamutu timauyesa wa azungu okha.

Tidatenga ziphaso zathu, tidasintha makwacha kukhala ma meticais, n'kukwera. Ku Ulongue sitidavutike chiyankhulo, anthu a ku Angonia amayankhula monga ife. Mayi wina wogulitsa nthochi atamva kuti ndife a ku Dedza adaleka kuwerenga chenje, nati adakulira kwathu kuno nthawi ya nkhondo, asanabwerere kwawo mtendere utabwera mu 1992. Ine ana othawa nkhondo amenewo ndidawaphunzitsapo, ena ankakhala pansi pafumbi kutsogolo kwa kalasi chifukwa mabenchi adachepa. Tidaimirira nthawi yaitali tikufunsana za midzi, mpaka kondakitala adachita kutiitana kawiri.

Kuchoka kumeneko msewu umatsika. Ife ozolowera chisanu cha m'phiri la Dedza tidavula majuzi tisanafike ku Moatize, kumene amakumba malasha. Mitengo ya malambe ponseponse. Ku Tete tidawoloka mlatho wa Samora Machel wapansi, dala, kuti tiuone bwino mtsinje. Ndidaima pakati penipeni ndikugwira chitsulo. Linthipe amene timamuopa nthawi ya dzinja ndi kamwana pamaso pa madzi amenewo. Mayi a kunyumba adangoti, "Bambo, ndiye munkaphunzitsa zoona."

Tsiku lachitatu tidakwera phiri kupita ku Songo kukaona damu la Cahora Bassa, limene Apwitikizi adamaliza kumanga mu 1974. Khoma lake ndi lalitali mamita 171, lotsekereza mtsinje pakati pa mapiri awiri, ndipo magetsi ambiri ochokera pamenepo amapita ku South Africa. Ndidaganiza za madzulo onse amene ndidachonga makope ndi koloboyi, magetsi ochuluka chotere akupangidwa kuseri kwa mapiri athuwa. Madzulo tidadya nsima ya nsomba imene eni ake amati pende.

Sindibisa, ulendowu udatidyera ndalama, tidasunga kubanki mkhonde chaka chathunthu. Pamalo ena oimitsa galimoto tidachedwetsedwanso kwambiri chifukwa Chipwitikizi sitichidziwa, ndipo ku Tete Chinyungwe timangotolapo mawu amodziamodzi. Amene akufuna kupita asasiye chiphaso m'chikwama cha pansi pa katundu, amachifuna pafupipafupi.

Pempho langa likupita kwa aphunzitsi anzanga amene akadali pantchito ndi makomiti a sukulu za kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu. Ana athu amaloweza Zambezi ndi Cahora Bassa kuti akhoze mayeso, pamene malowo ali pa mtunda woti basi imafika tsiku lomwelo. Kambiranani ndi makolo komanso akuluakulu a zolowa ndi kutuluka m'dziko za momwe ana a Fomu 3 angapitire ngati gulu. Inunso Akonzi, tumizaniko mtolankhani wanu akalembe mitengo ya mayendedwe ndi malo ogona, anthu adziwe pokonzekera. Ine ndine wokonzeka kuperekeza sukulu yoyamba imene idzanyamuke, njira ndaidziwa tsopano.

Mphunzitsi wopuma,
Dedza