Aphungu aone umboni asilikali asanatumizidwe kunkhondo

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa momwe atsogoleri amagamulira zotumiza ana athu kunkhondo. Amalawi okhala kuno ku Johannesburg tinali pachisoni mu Januwale 2025, pamene asilikali 14 a South Africa ndi ena akwathu anaphedwa kufupi ndi Goma ku DRC, ndipo pofika Marichi bungwe la SADC linathetsa ntchito ya asilikaliwo.

Nkhondo ya ku Iraq inayenera kutitsegula maso kalekale. Mu 2003 George W. Bush, pulezidenti wa America, ndi Tony Blair, nduna yaikulu ya Britain, anathira nkhondo dzikolo ponena kuti mtsogoleri wake Saddam Hussein akubisa zida zoopsa zopululira anthu, pamene Hans Blix ndi ofufuza a United Nations ankapempha nthawi yoonjezera. Nelson Mandela anawadzudzula poyera mumzinda muno nkhondo isanayambe, koma mawu ake anangopita pachabe. Zidazo sizinapezeke.

Lipoti la Chilcot la mu 2016, la kafukufuku wa ku Britain pa nkhondoyi, linapeza kuti njira zamtendere zinali zisanathe, komanso kuti panalibe dongosolo lokwanira la mmene dziko lidzayendere Saddam akagwa. Chomwe chimandipweteka kwambiri n'chakuti Blair anali atalembera kale Bush mwamseri mu Julaye 2002 kuti adzakhala naye zivute zitani, aphungu a ku London asanavote n'komwe.

Ndikupempha nyumba zamalamulo za ku Lilongwe ndi Cape Town kuti zizifuna umboni, cholinga cha nkhondo, zida zokwanira ndi njira yobwererera, msilikali asanakwere ndege.

Wowerenga wanu,
Johannesburg