Kwa a kampani ya lamya: yezani waya musanatigulitse liwiro

Akuluakulu, tikulemba poyera chifukwa tikadandaula za intaneti yochedwa ndi yodukaduka, ku ofesi kwanu yankho ndi limodzimodzi, loti tithimitse rauta n'kuyatsanso. Kuyatsanso rauta sikufupikitsa waya, sikuchotsanso dzimbiri.

Mumatsatsa ADSL2+, intaneti yodzera pa waya wa lamya, kuti imafika liwiro la 24 Mbps, mtengo n'kukhala umodzi kwa aliyense. Chonsecho mukudziwa kuti liwiro limenelo amayandikirako okhawo amene waya wawo sunapitirire kilomita imodzi kuchokera ku exchange, malo anu kumene mawaya a lamya a m'deralo amakumana. Mawu a lamya amayenda pa mafunde a m'munsi mwa 4 kHz, pomwe intaneti imakwera mpaka 2.2 MHz pa waya wakopa womwewo, ndipo mafunde apamwambawa ndiwo amayamba kufooka waya ukatalika. Pa waya wa 0.4 mm mphamvu ya mafunde imatsika ndi 14 dB (dB ndi muyeso wa mphamvuyo) kapena chapomwepo pa kilomita iliyonse. Pofika makilomita 3 munthu akapeza 8 Mbps ndi mwayi, pa makilomita 5 amangotsala ndi 1 kapena 2. Mtundawo si wapamapu ayi, ndi wa waya momwe wakhotakhotera m'mapolo ndi pansi pa misewu.

Za mtunda sitikuimbani mlandu. Mlandu wanu uli polumikizira mawaya. Akuba akadula kopa, amisiri anu amangopotokola mawaya ndi manja n'kukulunga tepi, mwinanso kuphatikiza owonda ndi onenepa. Chilimwe chonse zimaoneka ngati zili bwino. Dzinja likafika madzi amalowa, kopa n'kuchita dzimbiri lobiriwira lija, mwakuti ukanyamula foni yapansi umamva kuthetheka ngati mafuta ali pamoto. Phokoso limenelo ndi lomwe limadula intaneti. Palinso nthambi za mawaya akale zopita ku nyumba zomwe zinasiya lamya kalekale. Sizinadulidwe, ndiye zimabweza mafunde n'kusokoneza kasitomala amene akulipira. Waya wina munaudutsitsa mphepete mwa mpanda wamagetsi, ndipo umatola kugunda kwa mpandawo sekondi iliyonse.

Umboni uli mu rauta momwemo, patsamba la DSL. Attenuation (kufooka kwa mafunde pa waya) ya 40 mpaka 45 dB ndi ya waya wa makilomita 3. Nyumba ya pa makilomita 2 ikamaonetsa 50 dB, pali polumikizira poola penapake. SNR margin (mmene mafunde akuposera phokoso) iyenera kukhala 6 dB kapena kuposa, ikamatsika mvula ikagwa ndiye kuti madzi alowa. CRC errors (chiwerengero cha deta yofika itawonongeka) zikamachuluka pomwe palibe akugwiritsa ntchito intaneti, vuto si kompyuta ya kasitomala. Koma manambala onsewa akakhala abwino, intaneti n'kumakwawa madzulo okhaokha, pamenepo waya ulibe chifukwa: mwadzaza anthu ambiri pa njira yopapatiza kumbali kwanu.

Mbali yathu timaidziwa. Foni iliyonse ikhale ndi filter (kachida kolekanitsa mawu a foni ndi intaneti), rauta ilumikizidwe pa soketi yoyamba pomwe waya walowera m'nyumba, ndi chingwe chachifupi osati chodutsa zipinda zitatu. Munthu akachita zonsezi manambala osasintha, chatsala ndi chanu.

Choncho musanalembetse munthu, yezani waya wake, mumuuze liwiro limene angalipezedi, alipire molingana nalo. Wamisiri wobwera kudzakonza abwere ndi TDR, chida chosonyeza kuti waya wawonongeka pa mamita angati, osati pulayala ndi tepi basi. Polumikizira pakhale zomangira za gel zotchinga madzi, ndipo nthambi zakufa zija zidulidwe. Madera akutali amafunika fibre (waya wagalasi wotumiza deta ndi kuwala) ifike pa bokosi la m'mbali mwa msewu kuti kopa atsale mamita mazana ochepa. Kufikira mutatero, a pa makilomita 5 asamalipire ngati a pafupi ndi exchange.

Mutiyankhe pompano, ndipo yankholo likhale ndi tsiku limene muyambe kuyeza mawaya.