Lipoti la msonkhano wa siliva wakale wa Ayuda

Abale anga a gulu lathu la ogulitsa zakale kuno ku Cape Town, kumsonkhano munandituma kuja ndinafikako, zikomo chifukwa cha ya thiransipoti ija.

Okonza msonkhano anayala zinthu patebulo kuti tizione pafupi. Makapu a vinyo wa pa Sabata omwe amati kiddush, kandodo ka siliva kokhala ndi kadzanja kumapeto kolozera powerenga Torah (mpukutu wa mabuku asanu a Mose) kuti chala chisakhudze mpukutu, ndi kabokosi ka zonunkhira kooneka ngati kansanja. Ayuda ambiri a kuno makolo awo anachokera ku Lithuania, ndiye katundu wotere mukampeza kawirikawiri amakhala ndi chidindo cha 84, cha ku Russia, kutanthauza siliva 875 pa 1000. Cha ku Germany ndi 800 pambali pa kamwezi ndi korona, cha ku England ndi kamkango.

Koma chomwe chinandigwira mtima ine ndi mphatso zopatsa rabi, yemwe ndi mphunzitsi wotsogolera mpingo wa Chiyuda. Mpingo umasonkha ndalama nkusulitsa kapu kapena mbale, nkulembapo m'Chiheberi dzina la rabi, tauni yake ndi chaka, mwina akusamuka mwina watumikira nthawi yaitali. Ndinagwira kapu imodzi, zilembo zinali zitayamba kufufutika mbali yogwira dzanja, anthu amweramo zaka ndi zaka. Anatiuza kuti mtengo weniweni uli pa zilembozo, ndiye chonde chonde tisamakweche ndi sitiliwulo kapena polishi wamphamvu kuti ziwale, nsalu yofewa basi. Ndipo zogulitsa kwa osungunula pa kilo zija tisiye, ma tauni ena olembedwa pamenepo Ayuda ake anaphedwa pa nkhondo yachiwiri ija, kapuyo mwina ndi yokhayo yatsala yotchula dzina la munthuyo.

Chaka amalemba ndi zilembo za Chiheberi zoimira manambala, kawirikawiri osaikapo 5000 wa kalendala yawo, ukawerengetsa umangowonjezera 1240, monga 660 ndiye 1900.

Zachinyengo ziliponso zambiri, ena amatenga kapu wamba yakale nkulembapo Chiheberi dzulodzuloli kuti mtengo ukwere. Komanso mu 1939 boma la Nazi la ku Germany linalamula Ayuda kupereka siliva wawo, ndiye munthu akabwera nazo tizifunsa kuti wazitenga kuti, akamazemba osagula.

Pempho langa ndi loti tisonkhe tigule kagalasi koonera zidindo, ndipo tsiku lina tipite limodzi ku South African Jewish Museum pa Hatfield Street, yomwe a Mandela anatsegula mu 2000, maso athu azolowere zenizeni. Tikambirana Loweruka.